Momwe mungakonzere ulendo wa kagulu kochepa wokaona nyama m'nkhalango ya Nkhotakota

Anthu ambiri a ku Salima ndi ku Nkhotakota amaidziwa nkhalango yosungira nyama zakutchire ya Nkhotakota poionera pazenera la minibasi akamadutsa mumsewu wa M18 popita ku Kasungu, ndipo amaganiza kuti kulowa mkati mwake ndi nkhani ya alendo ochokera kunja okha. Komatu mtengo wolowera umene Mmalawi amalipira ndi wotsika poyerekeza ndi wa mlendo wakunja, ndipo anthu ochepa ogwira ntchito pamodzi, opemphera mpingo umodzi kapena a banki m'khonde imodzi akhoza kukwanitsa ulendo wa masiku awiri ngati ayamba kusonkha msanga. Malangizo otsatirawa ndi othandiza kuti ulendowo ukhale wotetezeka, komanso kuti ndalama zimene mudzawononge zidzathere m'manja mwa anthu amene akuteteza nkhalangoyo ndi amene amakhala m'mphepete mwake.

Musanamemeze anzanu, dziwani kaye mtundu wa malo amene mukupitako. Nkhalangoyi ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo ndi dziko la zitunda, zigwa ndi mitsinje, lokutidwa ndi mitengo ya mombo, mtondo ndi misuku kuyambira kufupi ndi nyanja mpaka paphiri la Chipata, lomwe kutalika kwake kumapitirira mamita 1,600. Kale munali njovu zoposa 1,500, koma opha nyama mozembera malamulo anazipulula mpaka kutsala zosakwana 100 pofika chaka cha 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa pamalole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, pamodzi ndi nyama zina pafupifupi 2,000 monga njati, mphalapala, ngoma, ntchefu, mbidzi ndi njiri. Ngakhale zili choncho, nyama zimenezi zimabisika mosavuta m'dziko lalikulu ndi lamitengo chotere. Ku Liwonde nyama zimasonkhana poyera m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndipo munthu amaziona ali khale pagalimoto, pamene ku Nkhotakota mukhoza kuyenda mmawa wonse n'kungoona mapazi, ndowe zongogwa kumene ndi nthambi zothyoledwa, kenaka n'kuiona njovu madzulo mukumwa tiyi ikutsikira kumtsinje wa Bua. Auzeni anzanu zimenezi asanapereke ndalama, chifukwa munthu amene akuyembekeza kuona mikango itagona pamsewu adzabwerako akudandaula ndipo adzafooketsa ena.

Kusankha anthu ndi nthawi

Kagulu kanu kasapitirire anthu 6, ndipo kakachulukitsa kafike pa 8. Chiwerengero chimenechi chimakwana m'galimoto imodzi, chimakwana m'misasa yaing'ono ya m'nkhalangomo, ndipo mlonda wa nkhalango mmodzi wonyamula mfuti akhoza kuona munthu aliyense ali pamzere. Anthu akafika 15 kapena 20, a kumbuyo samva zimene mlonda akunena, wina amatsalira kuti ajambule, wina amayamba nthabwala, ndipo nyama zimamva phokosolo zisanaoneke n'komwe. Ngati ofuna kupita achuluka, agaweni m'magulu awiri apite masabata osiyana, ndipo nkhalango idzalandira ndalama zolowera zomwezo popanda chipwirikiti.

Sankhani msungichuma, ndipo sankhaninso munthu wina mmodzi yekha woti azilankhula ndi ofesi ya nkhalango ndi malo ogona, kuti pasakhale mauthenga otsutsana. Funsani aliyense mwaulemu koma mosabisa ngati angathe kuyenda pansi maola atatu m'njira zokwera ndi zotsika, ndiponso ngati ali ndi matenda monga mphumu, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, pakuti chipatala chachikulu chili kuboma ndipo misewu ya mkati imachedwetsa. Za ana funsani ku ofesi musanawalonjeze, chifukwa ana aang'ono kawirikawiri saloledwa kuyenda pansi kumene kuli njovu ndi njati. Pa nkhani ya mowa gwirizanani mudakali kunyumba kuti wofuna kumwa adzamwe madzulo pamsasa basi.

Miyezi yabwino kwa oyamba kumene ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Mu Juni ndi Julayi kumazizira mmawa ndipo kuyenda kumakoma, koma udzu umakhala udakali wautali m'malo ena. Mu Seputembala ndi Okutobala udzu wagwa, timitsinje tambiri taphwa, ndipo nyama zimayandikira Bua ndi madzi ena otsala, kotero mwayi woziona umakula, ngakhale kuti dzuwa la m'chigwa limawamba kwambiri moti muyenera kunyamuka mbandakucha n'kubwerera pamsasa nthawi isanakwane 10 koloko. Ndi nyengo yomweyo pamene mitengo ya mombo imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe, ndipo kwa ine chimenechi pachokha n'chokwanira kuyendera. M'dzinja nkhalango imakongola ndipo okonda mbalame amasangalala, koma misewu yafumbi imaterera, mitsinje imasefukira, ndipo kagulu kosazolowera kakhoza kutaya tsiku lonse kakukankha galimoto m'matope.

Kumene ndalama zanu zikupita

Apa ndi pamene ulendo umathandiza nkhalango kapena kungoidutsa. Kuteteza malo otere kumadya ndalama tsiku lililonse: malipiro ndi chakudya cha alonda amene amagona kutchire masiku angapo akulondera, mafuta a magalimoto, kukonza misewu, ndi kusamalira mpanda wamagetsi umene umatchinga njovu kuti zisalowe m'minda. Ndalama zolowera ndi gawo laling'ono la zonsezi, komabe ndi gawo limene inu mungathe kulitsimikizira. Lipirani pageti kapena ku ofesi, landirani risiti yolembedwa chiwerengero chenicheni cha anthu, galimoto ndi masiku, ndipo muisunge mpaka mutatuluka. Tengani ziphaso za unzika kuti mulipire mtengo wa Amalawi popanda kukangana. Wina akakuuzani kuti akhoza kukulowetsani chakumbali pamtengo wotsika popanda risiti, mukaneni, chifukwa ndalama imeneyo sigula nsapato za mlonda ngakhale imodzi, ndipo mukakumana ndi vuto mkatimo palibe amene akudziwa kuti muliko. Mitengo imasintha, choncho ifunseni sabata yomwe mukupita, ndipo funsaninso ngati amalandira Airtel Money kapena Mpamba, koma musadalire netiweki ya kumeneko. Msungichuma anyamule ndalama zogwirika, zina zikhale zosinthasintha.

Malo ogona alipo a mitengo yosiyanasiyana, kuyambira okwera mtengo monga Tongole Wilderness Lodge, ena monga Bua River Lodge, mpaka malo omanga tenti n'kudziphikira nokha. Kagulu ka ndalama zochepa kamange matenti, ndipo ndalama zimene kapulumutsa kazigwiritse ntchito polipira ulendo wachiwiri woyenda pansi ndi mlonda, poti n'zimene mudzakumbuke kuposa bedi lofewa. Pamene mukusungitsa malo, funsani mafunso atatu mosachita manyazi: ngati mtengo akutchulawo ukuphatikiza ndalama zolowera m'nkhalango, ngati ogwira ntchito awo ndi ochokera m'midzi yoyandikana nayo, ndiponso kumene amagula ndiwo, nkhuni ndi nsomba. Malo amene amayankha momasuka amakhala kuti nkhaniyi anaiganizira kale.

Chinthu chimene alendo ambiri amachiiwala ndi midzi ya m'mphepete. Anthu a kumeneko ndi amene amadzuka n'kupeza njovu itathyola mpanda n'kuzula chinangwa cha chaka chonse, ndi amene anguluwe ndi anyani amawadyera chimanga, ndiponso ndi amene analetsedwa kusaka ndi kudula mitengo kumene makolo awo ankalowa momasuka. Munthu wotere akamaona magalimoto a alendo akudutsa n'kumusiyira fumbi lokha, n'kovuta kumuuza kuti njovu ili ndi phindu, ndipo waya wa mpanda akabedwa n'kupindidwa kukhala msampha, iye sadzakhala ndi chifukwa chokanenera kwa amfumu. N'chifukwa chake musadzaze galimoto ndi zogula za ku Lilongwe kapena za m'masitolo aakulu a ku Salima. Nyamulani zokhazo zimene simungazipeze, monga madzi akumwa, mafuta ophikira, shuga ndi masamba a tiyi, ndipo mpunga, tomato, mazira, nkhuku, nthochi ndi ufa wa kondowole mukagule m'misika yaing'ono ya kufupi ndi geti. Funsani ku ofesi ngati pali magulu oweta njuchi amene akugulitsa uchi, kapena ngati bungwe la midzi yozungulira nkhalangoyi la NAWIRA lili ndi zinthu zimene mungagule kapena ntchito imene mungakaone. Ponenerera mtengo musafinye wogulitsa mpaka kumulanda phindu lonse, poti kusiyana kwakeko kwa inu ndi kochepa.

Palinso zimene simuyenera kugula ngakhale zitatchipa motani. Makala ndi matabwa a mlombwa ogulitsidwa m'mbali mwa msewu pafupi ndi malo otetezedwa kawirikawiri amachokera momwemo. Nyama yowamba imene wogulitsa akunong'ona ponena dzina lake ndi ya pamsampha, ndipo msampha wa waya susankha, umagwira mbawala lero, mawa n'kudula chitamba cha mwana wa njovu. Mpasa nawonso musamale nawo. Nsomba imeneyi imachoka m'nyanja n'kukwera mtsinje wa Bua kukaswana m'nyengo ya mvula, ndipo Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene idakali ndi madzi oyera ndi miyala yoyenera, chifukwa nkhalango yatchinjiriza magombe ake. Kugula mpasa wodzaza mazira wogwidwa pokwera mtsinje ndi kulipira munthu kuti aphe nsomba za chaka chamawa. Kunena za minyanga ya njovu kapena mamba a ngaka, lamulo loteteza nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende, ndipo wogula amagwidwa chimodzimodzi ndi wogulitsa.

Ikaninso padera kangachepe kothokozera mlonda, wotsogolera ndi ophika. Gwirizanani kuchuluka kwake musananyamuke, ndipo msungichuma apereke poyera pamapeto m'dzina la gulu lonse.

Galimoto, zovala ndi kashembe

Kuchokera ku Salima kukafika kuboma la Nkhotakota ndi makilomita pafupifupi 110 pamsewu wa M5, ndipo kuchokera pamenepo mumapatukira m'misewu yafumbi malinga ndi kumene mukukagona. Pezani galimoto yokwera, makamaka ya 4x4, yokhala ndi sipeya wabwino ndi jeke yogwira ntchito, ndipo thirani mafuta okwanira kupita ndi kubwera mudakali mutauni. Ngati mukuchita hayala, lembani pamodzi ndi mwini wake kuti mtengo ukuphatikiza mafuta, chakudya ndi malo ogona a dalaivala kapena ayi, poti mikangano yambiri ya maulendo otere imayambira pamenepa. Funsani nthawi imene geti limatsekedwa ndipo konzani zofika dzuwa lidakali m'mwamba. Mkati mwa nkhalango dalaivala ayende pang'onopang'ono, asalize hutala, asachoke pamsewu, ndipo akapeza njovu zili panjira aime patali, asiye mpata woti athe kubwerera chambuyo, n'kudikira kuti zidutse zokha.

Pa zovala pali nkhani imodzi yofunika kuimvetsa bwino. M'nkhalango ya Nkhotakota muli ntchentche za kashembe, zomwe zimaluma mopweteka ndipo zina mwa izo zimafalitsa matenda a kaodzera. Kashembe amakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda komanso ndi zinthu zoyenda, choncho siyani kunyumba majini abuluu ndi malaya akuda, ndipo valani zamtundu wa khaki, zotuwa kapena zobiriwira mozimirira, za manja aatali ndi nsalu yokhuthala pang'ono, chifukwa ntchentcheyi imaboola nsalu yopyapyala. Amayi amene akufuna kuvala chitenje avale buluku mkati mwake. Podutsa m'malo owirira tsekani mawindo a galimoto, ndipo mukaona nsalu zabuluu ndi zakuda zitapachikidwa m'mbali mwa msewu musazigwire, chifukwa ndi misampha ya kashembe yopakidwa mankhwala. Zoyera kwambiri ndi zofiira zowala nazonso zisiyeni, poti zimaonekera patali. Zina zonse ndi zodziwika: nsapato zotseka zimene munazizolowera kale, chipewa, tochi, botolo la madzi la aliyense, neti yoteteza udzudzu, mankhwala amene mumamwa masiku onse, ndi magalasi oonera patali ngakhale amodzi oti muzibwerekana.

Kuyenda pansi ndi mlonda

Palibe amene amaloledwa kuyenda yekha m'nkhalangomo, ndipo lamuloli limayambira pamsasa pomwe, chifukwa misasa ina ilibe mpanda ndipo njovu zimadutsa usiku. Musananyamuke mlonda adzakupatsani malangizo, ndipo imeneyo ndi nthawi yofunsa chilichonse chimene simunamvetse, pajatu safunsa anadya phula. Mulankhuleni mwaulemu monga munthu amene moyo wanu uli m'manja mwake, ndipo ngati m'gulu mwanu muli abwana a kuntchito, abusa kapena akuluakulu ena, agwirizane pasadakhale kuti kutchire wolamula ndi mlondayo.

Mumayenda pamzere umodzi, wina kumbuyo kwa mnzake, mlonda ali patsogolo, ndipo palibe wodumpha mzere kapena kutsalira. Mafoni akhale osalira. Mukaona chinthu musafuule, koma imbani kakhweru kapansipansi kapena womberani chala pantchafu monga mwagwirizanirana. Mudzaona mlonda akutola fumbi kapena phulusa n'kuliwaza m'mwamba, ndipo potero akuyang'ana kumene mphepo ikulowera, chifukwa njovu siona patali kwenikweni koma imanunkhiza ndi kumva kwambiri, kotero kuti gulu liyenera kukhala pamalo pamene mphepo ikuomba kuchokera kwa nyama kubwera kwa inu. Akaima, imani pomwepo. Akakulozerani kuti mubwerere, bwererani mwakachetechete osatembenuka n'kuthamanga, popeza kuthamanga kumaputa nyama kuti ithamangitse, ndipo palibe munthu amene angapose njovu kapena njati pa liwiro. Njovu ikatambasula makutu, kupukusa mutu kapena kulira, ikuchenjeza kuti mwayandikira kwambiri, ndipo yoopsa koposa ndi yaikazi yokhala ndi mwana. Njati yamphongo yokalamba yoyenda yokha ndi yoopsanso chifukwa imagona m'mabango n'kudzambatuka munthu ali pafupi. Musamuumirize mlonda kuti akuyandikizeni pofuna chithunzi chabwino, ndipo musamulonjeze ndalama kuti achite zimenezo. Zikavuta iye amakakamizika kuombera, ndipo nyama imene inasamutsidwa ndi ndalama zambiri imafa chifukwa cha chithunzi cha pafoni.

Kumtsinje wa Bua kuli ng'ona, choncho musasambe, musatsuke mbale kapena kuima m'mphepete mwenimweni mwa dziwe pokhapokha mlonda atanena kuti malowo ndi abwino. Musadyetse anyani ndi apusi, chifukwa nyani wozolowera kupatsidwa chakudya amayamba kulanda, ndipo mapeto ake amaphedwa. Moto usonkhedwe pamalo okhawo amene anakonzedwa ndipo uzimitsidwe ndi madzi, poti m'chilimwe kandudu kamodzi kakhoza kutentha chitunda chonse. Zinyalala zonse, kuphatikizapo majumbo ndi mabotolo, zibwerere m'galimoto. Mukapeza msampha wa waya muonetseni mlonda osauchotsa nokha, chifukwa alonda amalemba malo amene aupeza kuti adziwe kumene opha nyama akulowera.

Ndipo musamangoyang'ana zazikulu zokha. M'nkhalangoyi muli mitundu ya mbalame yoposa 280, ndipo mlonda wodziwa ntchito yake akhoza kukusiyanitsirani phazi la fisi ndi la kambuku, kukuonetsani mtengo umene njovu inasenda makungwa dzulo, ndi kukuuzani kuti ndowe zimene mwapeza zagona maola angati. Kagulu kofunsa mafunso otere kamabwerako katakhutira ngakhale njovu itakana kuoneka.

Ngati mukufuna kuyamba ndi pafupi

Amene ali ku Salima ndipo sanayendepo kutchire akhoza kuyesa kaye ku Kuti, malo osungira nyama a mahekitala pafupifupi 2,000 kufupi ndi tauni. Kumeneko kulibe njovu kapena mikango, kotero munthu amayenda pansi kapena panjinga pakati pa mbidzi, mphalapala ndi nswala, ndipo ndi malo abwino kuonerapo ngati kagulu kanu kamasunga nthawi, kamamvera ndi kukhala chete. Nkhalango ya Thuma, kumene bungwe la Wildlife Action Group limagwira ntchito ndi nthambi ya zankhalango, ili ndi njovu ndi njati m'mapiri a miyala, koma si malo ongotulukira ndi galimoto, ndipo muyenera kulankhula nawo kaye kuti akuuzeni ngati angakulandireni. Okonda nyanja akhoza kukwera boti kuchokera ku Senga Bay kupita kuzilumba za Maleri, zomwe ndi gawo la Lake Malawi National Park, malo amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake monga mbuna. Kumeneko onetsetsani kuti boti lili ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ndipo m'miyezi ya mwera mverani woyendetsa akanena kuti lero nyanja siyoyenda.

Mukabwerako

Poika zithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp musatchule malo enieni amene munaona njovu ya minyanga italiitali kapena ngaka, chifukwa si onse oona zithunzizo amene ali ndi zolinga zabwino, ndipo zithunzi za alonda kapena za anthu a m'midzi muike pokhapokha ngati eni ake anavomera. Msungichuma aonetse marisiti onse kwa gulu m'sabata yoyamba ndipo abweze zotsala kapena azisunge ngati mwagwirizana za ulendo wina. Kwa masabata atatu otsatira aliyense adziyang'anire thupi. Wina akayamba kutentha thupi, kumva mutu kwambiri, kapena akaona chotupa chofiira ndi chowawa pamene kashembe anamuluma, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo awauze adokotala kuti anali m'nkhalango ya Nkhotakota, chifukwa zizindikiro zoyamba za kaodzera zimafanana ndi za malungo, ndipo magazi akapimidwa malungo okha matendawa akhoza kuphonyedwa pomwe mankhwala ake alipo ndipo amachiza akaperekedwa msanga.